Mkazi wa Magalasi Akuda Kutsidya la Mekong

Chithunzicho chinafika Amphai ali mkati mosinja papaya wamuwisi ndi tsabola. Anapukuta dzanja pa nsalu yake ya m'chiuno n'kutenga foni.

Anali Somlith, chibwenzi chake. Mwendo umodzi unali m'boti, wina padoko, ndipo anali atagwira dzanja la mkazi wina wovala magalasi akuda. Pansi pa chithunzicho panali mawu a Manivone, msuweni wake: "Si awa amati lero ali ku mathithi ndi alendo a ku Koreya?"

Amphai anakulitsa chithunzicho ndi zala. Mkaziyo sanali Mkoreya, sanalinso mzungu. Anali Mlao mnzawo, wa m'dziko lawo lomweli, koma nsapato zake zinkanena zokha kuti si wa muno mu Luang Prabang.

Pasanapite nthawi njinga yamoto inaima kuseri kwa nyumba yawo yogona alendo. Manivone analowa m'khitchini osaodira, n'kutapa papaya mumtondo.

"Waona?"

"Ndaona."

"Basi? Aka n'kachitatu, mwali. Lolemba, Lachitatu, ndi lero. Alendo enieni amapita ku mapanga kukaona ziboliboli za Buda. Awa amangowoloka kutsidya awiriwiri, kubwerako dzuwa litapendeka."

"Nanga iwe umawawerengera masiku chifukwa chiyani?"

"Ndimagulitsa matikiti padoko pomwepo. Ndizitsinzina?"

Amphai anapitiriza kusinja. Sanaiwale kuti zaka ziwiri zapitazo, Somlith atangovula mkanjo wa umonke, woyamba kumuthamangira anali Manivone yemweyu. Ndiye anamuphunzitsa kuyendetsa njinga yamoto, atamukumbatira m'chiuno msewu wonse. Somlith atasankha Amphai, Manivone anatha mwezi wathunthu osapondako kunyumbako.

"Ukuoneka wosangalala," anatero Amphai.

"Ine? Ndikukumvera chisoni. Munthu wakhala zaka khumi ndi chimodzi osakhudza ngakhale chala cha mkazi, ukuganiza kuti akangoyamba aimira pa mmodzi?"

"Chotsa dzanja mumtondomo ndingakusinje nalo."

*

Amphai anamulembera Somlith uthenga masana omwewo. "Ku mathithi kuli bwanji, a Thit?"

Thit ndi dzina limene aliyense ankamuitana nalo, monga amachitira kwa mwamuna aliyense amene anakhalapo mmonke. Amphai ankalitchula akafuna kumuseka kapena akakwiya.

Yankho linabwera patapita ola. "Madzi afiira ndi mvula ya dzana. Alendo akudandaula."

Amphai anawerenga uthengawo katatu. Bodza lokhala ndi mtundu wa madzi womwe! Munthu amene ankachita manyazi kunamiza ngakhale mwana anaphunzira liti zimenezi?

Somlith anabwera dzuwa likulowa. Anakhala pa masitepe otsikira kumtsinje, pamalo pawo pa masiku onse, koma anasiya mpata woti munthu wina n'kukhalapo pakati pawo. Amphai anamuikira kadengu ka mpunga womata ndi mbale ya papaya uja.

"Ndakhuta," anatero Somlith.

"Mwakhuta kuti?"

"Sindikumva njala basi."

Amphai anatsegula chithunzi chija n'kumuikira foni pabondo. Somlith anayang'ana nthawi yaitali. Makutu ake anafiira.

"Watumiza ndi Manivone?"

"Funso ndi limenelo?"

"Dzina lake ndi Latsami. Ndi wa ku Vientiane. Palibe chilichonse pakati pathu, Amphai."

"Ndiye mathithi ofiira aja?"

"Ndinalakwa. Ndimaopa zomwe zikuchitika panozi."

"Kutsidyako mumakatani?"

"Ndipatse masiku ochepa. Pali nkhani imene ndikufuna ndithane nayo ndekha ndisanakuuze."

"Masiku ochepa ndi omwe tilibe." Amphai anachotsa foni ija pabondo pa Somlith. "Kwatsala masiku asanu ndi anayi amonke alowe m'chibindikiro cha mvula. Mukudziwa kuti akangolowa, palibe wofunsira mbeta kapena kumanga ukwati mpaka miyezi itatu. Amalume anu aja munati akubwera mwezi watha. Kenako msewu unagumuka. Kenako wina anadwala mwendo. Pano chagumuka n'chiyani?"

"Abwera Loweruka la sabata ya mawa."

"Tsiku limodzi chibindikiro chisanayambe."

"Abwera, ndakuuza."

Potsanzika sanamugwire ngakhale phewa. Malaya ake ankanunkhira lubani, ndipo Amphai anatsala akudzifunsa ngati ndi lubani wa kukachisi kapena ndi mafuta odula a ku Vientiane.

*

China chimene chinkamusowetsa mtendere chinali m'nyumba momwemo. Mayi ake, a Bouavanh, anali atasiya kulongolola.

Kwa chaka chathunthu nyimbo yawo inali imodzi. Somlith ndi mwana wa kumapiri, alibe munda, alibe nyumba, chuma chake ndi pakamwa poyankhulira alendo. Mayi wamasiye amene wakulitsa yekha nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi sangaipereke kwa munthu wobwera ndi chikwama chimodzi. Koma sabata ziwiri zapitazi nyimboyo inangozima. Amphai atawauza za Loweruka, anangoti, "Chabwino, mwanangu," uku akupinda mashiti a alendo.

Lamulungu a Bouavanh anaitana Khamtan kudzadya nawo chamasana. Bambo ake a Khamtan anali ndi hotela m'munsi mwa phiri la pakati pa tauni, ndipo mnyamatayo anali atafunsira Amphai kawiri, n'kukanidwa kawiri konse. Anafika ndi maluwa a mayi, osati a mwana, ndipo anakhala mwaulemu ngati mpongozi kale.

"A Thit ali bwanji masiku ano?" anafunsa akunyema nsomba.

"Ali bwino," anatero Amphai.

"Ndi munthu wabwino amene uja. Ndimamulemekeza kwambiri. Kungoti anthu okulira kukachisi dziko lathuli sawalizolowera msanga. Amakhala ngati mlendo amene sanamasule chikwama."

"Mwamudziwa liti chonchi?"

"Amphai," anatero mayi ake, "muwonjezere mlendo mpunga."

Potembenuka ndi kadengu, Amphai anawapeza awiriwo akuyang'anana. Kunali kuyang'anana kwa kamphindi chabe, koma kwa anthu amene akudziwa chinthu chimodzi. Mayi ake ndi amene anayamba kugwetsa maso.

*

Lachiwiri Amphai anavala chipewa chachikulu ndi kansalu kotseka pakamwa n'kukwera pantoni pakati pa amayi a madengu ndi njinga zamoto. Boti la Somlith linali litawoloka kale. Kutsidya anafunsa mayi wogulitsa nthochi zootcha, ndipo mayiyo analoza njira yokwera m'nkhalango.

Masitepe ake anali a ndere, oterera. Pamwamba panali kachisi wakale amene alendo safikako kawirikawiri, denga lake litamera udzu. Amphai anavula nsapato. Anali atakonzeka kuwapeza pansi pa mtengo atatsamirana, ndipo mawu oti akanene anali atawakonza ali pamadzi.

Mkazi uja anamupeza yekha, atakhala pansi kunja kwa kanyumba ka matabwa. Magalasi anali m'manja. Maso ake anali otupa ngati a munthu amene walira masiku ambiri. Chitseko cha kanyumbako chinali chotsegula, ndipo m'katimo Somlith anali atagwada, akupukuta msana wa mmonke wokalamba, wowonda mpaka nthiti kuwerengeka.

Mkaziyo anakweza maso. "Ndinu Amphai, eti? Mwana wa a Bouavanh."

Amphai anachotsa kansalu kaja pang'onopang'ono. "Mwandidziwa bwanji?"

"Khalani pansi, chonde. Musaime chilili pakhomo pa mmonke." Anadikira kuti Amphai agwade. "Amene mukuwaonawo ndi a Onkeo. Ndi bambo anga. Anavala mkanjo amayi atamwalira, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pano akufa, achemwali, ndipo ine mwana wawo sindingawagwire dzanja, poti mkazi sakhudza mmonke. Sindingawamwetse madzi. Ndikabweretsa phala ndimaliika pansi, wina n'kutola. Kuchipatala akukana. Munthu amene akumufuna ndi mmodzi yekha."

Amphai ankalidziwa dzinalo. A Onkeo ndi amene anatsika ndi Somlith kuchokera kumapiri ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kumumeta, kumuphunzitsa kuwerenga. Manyazi anamutentha kumaso. Koma manyaziwo sanakhalitse, chifukwa anaona momwe Latsami ankayang'anira m'kanyumbamo, ndipo sanathe kudziwa ngati masowo ali pa bambo kapena pa wowasambitsayo.

"Amuna anu anatsala ku Vientiane?" anafunsa.

"Banja linatha chaka chatha." Latsami anavalanso magalasi ake. "Lith ndi ine tinadziwana tili ana. Ndinkabwera kuno pa tchuthi."

Lith. Dzina limenelo Amphai anali asanamvepo wina akulitchula.

Somlith anatuluka ndi beseni n'kumuona Amphai. Anatsika naye masitepe mpaka pamene mawu sakanamveka kukanyumba kuja.

"Wanditsata?"

"Mukanandiuza, ndikanabwera ndi phala. Nkhani ya munthu wodwala mumabisiranji?"

Somlith anaika beseni pansi. "Chifukwa si yokhayo. Akufuna ndivalenso mkanjo. Akuti sakufuna kufera m'manja mwa munthu wamba, akufuna atseke maso akuona mwana amene anamumeta ali momwe anamusiyira. Tsiku lililonse amandigwira mkono n'kundifunsa."

Amphai anamuyang'anitsitsa. "Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Ndakana kawiri. Ndawauza kuti ndiziwasamalira ndili m'malaya anga omwewa. Ndawauza kuti ndili ndi munthu."

"Mwawauza kuti ndi ine? Mwamuuza mkazi uyo dzina la amayi anga?"

Somlith anachita tsinya. "Ayi. Sindinatchule dzina la aliyense."

"Ndiye walidziwa bwanji?"

"Tauni ino ndi yaing'ono, Amphai."

"Kwa munthu wa ku Vientiane amene amangodziwa doko ndi masitepe awa?"

M'kanyumba muja nkhalamba inayamba kutsokomola, ndipo Somlith anatola beseni lake.

"Loweruka," anatero akukwera. "Uphike nsomba ya m'masamba a nthochi ija. Amalume amaikonda."

*

Loweruka Amphai anadzuka kusanache bwino. Anakulunga nsomba m'masamba, anakazinga ndere za mumtsinje ndi chitowe, anatsuka mabeseni a siliva olandirira alendo olemekezeka. Potsegula mphika wa mpunga umene mayi ake ananyika dzulo lake, anaima. Unali mpunga wa anthu awiri.

"Amayi, mpungawu ukwana?"

"Ukachepa tiphika wina." A Bouavanh anali atavala nsalu yawo ya silika, ya pa zikondwerero zokha. "Ndikupita kukagula makandulo a mawa. Ndibwera msanga."

"Makandulo ndi silika?"

"Ukufuna alendo ako adzandipeze m'sanza?"

Anabwera dzuwa lili pamutu, makandulo awiri okha m'manja, m'mphepete mwa silika muli matope ofiira. Anapita kuchipinda n'kukasintha, osafunsa ngati alendo afika.

Nsomba inazizira. Amphai anaimba foni ya Somlith kasanu ndi kawiri, ndipo konseko inali yozimitsa. Cha m'ma 3 koloko mitambo inada, ndipo Manivone anafika mvula itangoyamba kudontha. Ulendo uno sanatape kanthu m'mbale. Anaima pakhomo la khitchini akupotokola makiyi a njinga.

"Amalume ake anabwera," anatero.

Amphai anadzuka. "Ali kuti?"

"Ndawaona m'mawa padoko. Amuna awiri a kumapiri, atavala majekete. Sanakwere kuno, Amphai. Anawoloka. Mkazi wa magalasi uja ndi amene anawalandira, mpaka kuwanyamulira katundu."

Amphai anakhalanso pansi. Zonse zinagwirizana m'mutu mwake nthawi imodzi. Bambo amene akufa. Mwana wamkazi wopanda mwamuna. Mnyamata amene sangakanire nkhalambayo kanthu. Nkhani ya mkanjo inali yongomuphimba m'maso. Amalume anabweradi kudzafunsira mbeta, kungoti mbetayo inali ina.

"Unanena zoona," anatero motsitsa. "Sekatu."

"Sindikuseka." Manivone anasuzumira kuchipinda cha azakhali ake, n'kutsitsa mawu. "Pali chinanso ndinaona padokopo."

"Chiyani?"

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. A Bouavanh anatuluka akumanga tsitsi. "Manivone, mvula ikubwerayi ndi yaikulu. Bambo ako akudikira."

Manivone anameza mawu ake n'kutuluka. Amphai anatenga ambulera kuti athamangire kudoko, koma asanafike pangodya mvula inakhuthuka ya mkokomo. Woyendetsa njinga wina anamukuwira kuti pantoni yamangidwa, palibe chowoloka mpaka mawa.

*

Ng'oma ya kukachisi inalira m'bandakucha. Mvula inali itakata. Linali tsiku loyamba la chibindikiro, ndipo msewu wonse unali utayala mikeka. Pa tsiku lotere ngakhale amonke a kutsidya amawoloka kudzalandira mpunga m'tauni.

Amphai sanafune kutuluka, koma mayi ake anamuponyera nsalu ya paphewa. "Ukufuna anthu anene kuti ukulira mwamuna pa tsiku lopatulika?"

Anagwada pambali pa mayi ake, kadengu ka mpunga wotentha pamiyendo. Kutsidya kwa msewu alendo anali atandanda ndi makamera awo. Mzera woyamba wa amonke unadutsa, kenako wachiwiri. Amphai ankangotapa mpunga, kuponya m'mbale, kutapanso, maso ali pansi monga mwa mwambo. Ankangoona mapazi opanda nsapato ndi m'mphepete mwa mikanjo.

Mzera wachitatu unali waufupi. Mapazi a mmonke wachinayi anaima patsogolo pake, ndipo pa kakolo wakumanja panali chipsera cha paipi ya njinga yamoto. Amphai anachidziwa. Ndi iye amene anachipaka mankhwala chili chilonda.

Anakweza maso, chinthu chimene mkazi sachita.

Mutu unali wometedwa mpala, nsidze zomwe. Mkanjo unali watsopano, mizere ya mopindidwa ikuonekabe. Somlith anali atatsegula chivindikiro cha mbale yake, maso ali pa msewu. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene sanagone, koma sinagwedezeke.

"A Thit," ananong'ona Amphai.

Mayi ake anamutsina pantchafu. Dzina limenelo silinalinso lake. Mpunga unali utamatirira ku zala za Amphai, ndipo mmonke wa kumbuyo anali akudikira. Anauponya m'mbalemo, akusamala kuti chala chake chisakhudze ngakhale mkombero. Chivindikiro chinatsekeka. Mapazi aja anapitirira.

A Bouavanh anamaliza kupereka kwa amonke otsalawo mosafulumira. Kenako anathira madzi pansi kuchokera m'kabotolo, kupempherera malemu amuna awo, n'kuyamba kupinda mkeka.

"Wamukhala bwino mkanjowo," anatero. "Ndinaopa kuti ufupika."

Amphai anawatembenukira. "Mwati chiyani?"

"Ndagula ndine. Mkanjo, mbale, ambulera, zonse. Dzulo ndinali kutsidya. Mwana wa a Onkeo ndinamuitana ndine kuchokera ku Vientiane, chifukwa si bwino munthu kufa mwana wake ali kutali. Amalume ake a mnyamatayo alira ndi chimwemwe. Kwawo kulibe amene akanakwanitsa mwambo wotere."

"Amayi..."

"Tsitsa mawu, alendo akujambula. Wovala mkanjo amakhala mwana wa amene wamuveka. Dzulo wandigwadira pamaso pa amonke khumi n'kunditcha mayi. Tsono ukaganize bwino ngati ukufuna tauni yonse ino imve kuti Amphai akudikira kukwatiwa ndi mwana wa amayi ake."

Amphai anaika kadengu pansi. "Anakana kawiri. Anandiuza yekha. Sakanavomera osandiuza."

"Anakana katatu. Lachisanu ndinapita ndekha kukayankhula naye." A Bouavanh anaika mkeka m'khwapa. "Anandifunsa funso limodzi lokha. Anati, kodi n'zoona kuti Amphai watopa ndi kudikira, ndipo wavomera Khamtan?"

"Ndiye munamuyankha chiyani?"

"Ana okulira kukachisi ndi abwino," anatero mayi ake. "Saganiza kuti munthu wamkulu anganame atagwada pamaso pa Buda."

Amphai anaimirira. Mzera uja unali utafika kale kumapeto kwa msewu, ukukhotera kudoko. Foni Somlith analibenso. Kalata ya mkazi sakanailandira m'manja, ndipo kukhala naye awiri kunali koletsedwa mpaka mvula itatha. Anaponya phazi limodzi kuti athamange, anthu aone, ajambule, anene zimene anganene.

Galimoto yoyera inaima patsogolo pake penipeni. Khamtan anatsika, n'kutsegulira chitseko mayi ake ndi azakhali ake awiri, onse atavala silika, atanyamula beseni la siliva lodzaza maluwa.

"Kufunsira n'koletsedwa, tikudziwa," anatero mayi a Khamtan akumwetulira, uku akugwira Amphai padzanja. "Tangobwera kudzaona mpongozi wathu."